Screwfix: Sitolo ya pa Intaneti Imene Inakula Chifukwa cha Kauntala

Ku Britain, mmisiri aliyense wokonza nyumba, kaya ndi pulambala, kalipentala kapena wamagetsi, amaidziwa Screwfix. Ngakhale Amalawi amene amagwira ntchito za zomangamanga ku Manchester kapena ku Leeds dzinali amalimva tsiku ndi tsiku. Anthu ambiri akamafotokoza kukula kwa kampaniyi amathamangira kutamanda intaneti. Ine ndimakana. Intaneti inaipeza kampaniyi ili kale paulendo, ndipo chimene chinaikweza ndi chinthu chachikalekale: kauntala, ndi munthu woima kuseri kwake.

Kugula chinthu usanachione sikunayambe dzulo. Mu 1861 Pryce Pryce-Jones wa ku Newtown, ku Wales, ankatumizira ogula nsalu kudzera pa positi. Ku America, Montgomery Ward inayamba zomwezo mu 1872, ndipo kuyambira 1908 mpaka 1940 kampani ya Sears inkagulitsa nyumba yathunthu kudzera m'buku la katundu: matabwa, misomali, zitseko ndi penti, zonse n'kubwera pa sitima. Mu 1973 Argos inatsegula ku Britain masitolo amene wogula amasankha m'buku, wogulitsa n'kukatenga katunduyo kuseri.

Screwfix inabadwa mu 1979 m'tauni ya Yeovil, m'chigawo cha Somerset, dzina lake lili Woodscrew Supply Company. Mndandanda wake woyamba wa katundu unali tsamba limodzi lokha, ndipo patsambapo panali masikuluwu okhaokha. Banja la Jon ndi Jenny Goddard-Watts ndilo linalera bizinesiyi. Iwo anaona kuti kalipentala amafuna masikuluwu mabokosi athunthu, pomwe masitolo a m'tauni ankagulitsa m'timapaketi ting'onoting'ono pamtengo woboola thumba. Tsamba lija linakula kukhala kabuku, ndipo mu 1992 linatuluka buku loyamba la dzina la Screwfix Direct. Mmisiri ankaimba foni, n'kutchula nambala ya chinthu, katundu n'kumupeza pakhomo. Pofika 1998, malonda a pachaka anali atafika mapaundi 28 miliyoni, webusayiti isanabadwe n'komwe.

Webusayiti inatsegulidwa kumayambiriro kwa 1999, ndipo m'chaka chomwecho kampani ya Kingfisher, mwini wa masitolo akuluakulu a B&Q, inagula Screwfix. Inali nyengo imene aliyense wokhala ndi webusayiti ankaoneka ngati wapeza mgodi wa golide. Chaka chotsatira ambiri anagwa chagada: Boo.com ya ku London ndi Pets.com ya ku America zinatsekedwa mu 2000. Screwfix sinagwedezeke, chifukwa zimene anzake ankaphunzira ndi ndalama za eni, iyo inali itaziphunzira kale pa foni ndi positi. Inkadziwa kusunga katundu, kumupakira ndi kumufikitsa mawa lake. Webusayiti inangokhala khomo lina lolowera m'nyumba yomweyo.

Chaka chimene chimandichititsa chidwi ndi 2005. M'chakachi, kampani imene inalemera chifukwa chosalipira lendi ya masitolo inatsegula sitolo yake yoyamba, konko ku Yeovil. Kwa woonera patali zinkaoneka ngati kubwerera m'mbuyo. Koma taganizirani za pulambala amene wagwada pansi pa sinki m'nyumba ya mwini. Watseka madzi a nyumba yonse, wamasula paipi, kenako waona kuti kachitsulo kolumikizira kang'ambika. Mwini nyumba waima pakhomo la khitchini, ana akufuna kusamba. Lonjezo lakuti katundu afika mawa, ngakhale mtengo wake utatsika motani, kwa munthu ameneyu n'lopanda ntchito. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tsiku la mmisiri likapita pachabe, watayanso malipiro a tsikulo.

Sitolo imene Screwfix inamanga inali yoyankha vuto limeneli basi. Sinali m'katikati mwa tauni mmene lendi ndi yokwera, koma kumalo a mafakitale, kumene vani imaima pakhomo penipeni. Mkati munalibe tinjira toyendamo uku ukusirira katundu. Kutsogolo kunali kachipinda kakang'ono: buku la katundu, kapepala, kapensulo ndi kauntala. Wogula ankalemba nambala, wogulitsa n'kulowa kuseri kumene mashelefu anapanikizana mpaka kudenga, n'kutuluka ndi chinthucho. Nzeru inali ya Argos, koma yoperekedwa kwa munthu wovala ovolosi. Sitolo yotere siidya ndalama zambiri poitsegula, choncho anatha kuzimwaza m'dziko lonse mofulumira.

Apa mpamene intaneti inapeza ntchito yake yeniyeni. Mu 2011 anayamba njira yoti munthu agule pa intaneti n'kukatenga katunduyo pakauntala patangopita mphindi zisanu, ndipo pambuyo pake anatsitsa n'kufika mphindi imodzi. Chinsinsi chake chagona pa kuwerengera: kompyuta iyenera kudziwa kuti pa shelefu yakutiyakuti, m'sitolo yakutiyakuti, patsala mabokosi angati pa nthawi imeneyo. Ikangonama kamodzi, pulambala wawotcha mafuta pachabe ndipo sabweranso. Mliri wa Covid-19 utafika mu 2020, pomwe ena ankayamba kumene kuphunzira malonda otere, Screwfix inali itawazolowera, ndipo malonda ake a chaka chimenecho anapyola mapaundi 2 biliyoni. Lero ili ndi masitolo opitirira 900. Si paliponse pamene zinayenda: ku Germany inalowa mu 2014 n'kutseka masitolo ake mu 2019, koma ku Ireland ndi ku France ilipo.

Ulemu upite kwa yani? Mbiri za makampani zimakonda kutamanda woyambitsa, ndipo banja la Goddard-Watts likuyenera gawo lake. Umboni wakuti sanali amwayi chabe ndi wakuti mwana wawo Mark anayambitsa Toolstation mu 2003, imene lero ikupikisana ndi Screwfix khosi ndi khosi. Komabe ine gawo lalikulu ndimalipereka kwa akuluakulu a Kingfisher a nthawi imeneyo. Iwo anali ndi B&Q, ndipo ankadziwa kuti kauntala iliyonse yatsopano ikhoza kulanda ena mwa makasitomala a sitolo yawo yomwe. Eni chuma ambiri akanaipanikiza Screwfix kuti isakule. Koma a Kingfisher anaisiya ku Yeovil, ndi dzina lake, n'kuipatsa ndalama zomangira nkhokwe zikuluzikulu za katundu ku Trentham ndi ku Stafford.

Kuno kwathu theka la zimenezi tili nalo kale. Mahadiweya a ku Malangalanga mu Lilongwe kapena a ku Limbe ndi makauntala enieni. Bilidala amatumiza chithunzi cha loko pa WhatsApp, amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, wakabaza n'kubweretsa. Ndipo popeza nyumba zambiri zilibe manambala odziwika, kukatenga wekha pakauntala kumatiyenera kuposa kudikira galimoto imene ingasochere.

Chimene tikusowa ndi theka linalo: mtengo wolembedwa poyera ndiponso chiwerengero choona cha katundu. Mtengo wa thumba la simenti umasintha malinga ndi nkhope ya wofunsa. Malata a geji 28 amene munalipira amafika ali opyapyala. Amalonda adzati kwacha siikhazikika, ndipo akunena zoona, poti mu November 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Koma zimenezi zimangopha buku losindikiza. Mtengo wa pa foni umasinthidwa m'mawa uliwonse. Ndipo ogula alipo: abale athu a ku Johannesburg ndi ku Britain amene akumanga kumudzi, amene anatumiza ndalama za matumba 50 a simenti n'kupeza khoma lisanafike pawindo. Wamalonda amene adzawalole kuona mtengo, kulipira okha, bilidala n'kukatenga katunduyo ndi lisiti ku Mzuzu kapena ku Mangochi, sadzasowa makasitomala. Ayambe ndi kuwerenga zimene zili pa shelefu yake, webusayiti ibwere pambuyo.