Sukulu za pulayimale zophunzitsa m'Chipolishi ndi m'Chingerezi ku Poland

M'mizinda ikuluikulu ya dziko la Poland, monga Warsaw, Kraków ndi Wrocław, muli sukulu za pulayimale zomwe zimaphunzitsa ana masilabasi awiri nthawi imodzi: silabasi ya boma la Poland, m'Chipolishi, ndi silabasi yochokera kunja, m'Chingerezi. Zambiri mwa sukuluzi si za boma, ndipo makolo amalipira fizi. Cholinga chake n'chakuti mwana akamaliza pulayimale athe kupitiriza maphunziro ku sekondale ya m'dzikomo kapena ya kunja popanda kubwereza kalasi.

Chiyambi chake

Pa nthawi ya ulamuliro wa chikomyunizimu, womwe udatha m'chaka cha 1989, chiyankhulo chakunja chomwe ana a ku Poland ankakakamizidwa kuphunzira chidali Chirasha. Ulamulirowo utatha, Chingerezi chidayamba kulowa m'malo mwake, ndipo sukulu zomwe si za boma zidachuluka. Sukulu ya American School of Warsaw idalipo kale kuyambira 1953, pomwe The British School Warsaw idatsegulidwa mu 1992, koma sukulu zamtunduwu zinkathandiza kwambiri ana a akazembe ndi a anthu obwera kudzagwira ntchito.

Zinthu zidasintha pa 1 Meyi 2004, pomwe Poland idalowa m'bungwe la European Union. Mayiko a Britain, Ireland ndi Sweden adalola nzika za Poland kukagwira ntchito nthawi yomweyo, ndipo anthu zikwizikwi adasamuka. Kalembera wa 2011 adapeza kuti ku England ndi Wales anthu pafupifupi 546,000 ankayankhula Chipolishi ngati chiyankhulo chawo chachikulu. Mu 2021 adakwana pafupifupi 612,000. Ana a mabanjawa adayamba sukulu m'Chingerezi. Ena mwa makolowo atabwerera kwawo, maka Britain itatuluka mu European Union m'chaka cha 2020, adafika ndi ana oyankhula Chipolishi cha pakhomo koma osadziwa kuchilemba bwino. Ana otere, pamodzi ndi ana a makolo osiyana mitundu, ndiwo amafuna kwambiri sukulu za masilabasi awiri.

Zomwe lamulo limanena

Lamulo la zamaphunziro la pa 14 Disembala 2016 limasiyanitsa mitundu iwiri ya makalasi. Mtundu woyamba ndi kalasi ya ziyankhulo ziwiri, momwe maphunziro osachepera awiri amaphunzitsidwa m'Chipolishi ndi m'chiyankhulo chakunja. Limodzi mwa maphunzirowo liyenera kukhala la masamu, la sayansi, kapena la mbiri kaya jogalafe ya dziko lonse lapansi. M'sukulu za pulayimale za boma makalasi otere amayambira m'kalasi 7. Mtundu wachiwiri ndi kalasi yotsatira silabasi yokonzedwa ndi bungwe lakunja, ndipo imatsegulidwa pokhapokha nduna ya zamaphunziro itapereka chilolezo.

M'mitundu yonse iwiri muli malire omwe sukulu singadumphe: mwana yemwe ndi nzika ya Poland ayenera kuphunzira chiyankhulo cha Chipolishi, mbiri ya Poland ndi jogalafe ya Poland m'Chipolishi. Sukulu zomwe si za boma, zomwe zimayamba Chingerezi chambiri kuyambira kalasi 1, nazonso ziyenera kumaliza silabasi ya boma ngati zikufuna kupereka masatifiketi ovomerezeka.

Lamuloli limamveka bwino munthu akakumbukira zomwe dzikolo lidadutsamo. Kuyambira 1795 kufikira 1918 Poland idagawidwa pakati pa Russia, Prussia ndi Austria, ndipo m'madera ena Chipolishi chidachotsedwa m'sukulu. Mu 1901 ana a m'tauni ya Września adakana kuyankha m'Chijeremani pa phunziro la chipembedzo. Anawo adakwapulidwa, ndipo makolo ena omwe adachita ziwonetsero adatsekeredwa m'ndende. Nkhaniyi imaphunzitsidwabe m'sukulu za m'dzikomo.

Kulumikiza masilabasi awiri

Vuto loyamba ndi msinkhu. Ku Poland mwana amalowa kalasi 1 m'chaka chomwe akukwanitsa zaka 7, atachita chaka chimodzi chokonzekera ali ndi zaka 6. Kuyambira 2017 pulayimale ndi ya zaka 8, osati 6 monga zidalili kuchokera mu 1999. Ku England, komwe silabasi ya dziko lonse idakhazikitsidwa ndi lamulo la 1988, ana ambiri amayamba sukulu ali ndi zaka 4 kapena 5 ndipo amamaliza pulayimale ali ndi zaka 11. Choncho mwana wochokera ku London akamalowa kalasi 1 ku Warsaw amakhala atawerenga kale Chingerezi kwa zaka ziwiri kapena zitatu, pomwe anzake akungoyamba kumene.

Vuto lachiwiri ndi kalembedwe. Chipolishi chili ndi zilembo 32, ndipo 9 mwa izo, monga ą, ł ndi ż, m'Chingerezi mulibe. Komabe mwana akadziwa liwu la chilembo chilichonse amatha kuwerenga pafupifupi mawu onse, monga zimakhalira m'Chichewa. Chingerezi chili ndi zilembo 26 zokha zoimira maliwu pafupifupi 44, motero kuchiwerenga kumatenga nthawi yaitali. Chilembo chimodzimodzi chimathanso kusokoneza mwana: w wa m'Chipolishi amatchulidwa ngati v, ndipo j amatchulidwa ngati y.

Pofuna kuthana ndi izi, sukulu zina zimagawa maphunziro, ena m'Chipolishi ena m'Chingerezi, pomwe zina zimaika aphunzitsi awiri pa kalasi imodzi, aliyense ndi chiyankhulo chake. Pa silabasi yakunja, zina zimatsatira ya ku England, zina ya Cambridge ya ana a zaka 5 mpaka 11, ndipo zina ya bungwe la International Baccalaureate la ku Geneva, lomwe lidayambitsa pologalamu ya pulayimale mu 1997.

Zomwe akatswiri amachenjeza

Katswiri wa zamaphunziro Jim Cummins wa ku Yunivesite ya Toronto adaonetsa kuti mwana amatha kucheza bwino m'chiyankhulo chatsopano pakatha zaka pafupifupi ziwiri, koma pamafunika zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri kuti achidziwe mokwanira kuphunziramo ngati eni ake. Makolo ndi aphunzitsi angathe kupusitsika pomva mwana akusewera m'Chingerezi, n'kumayesa kuti angamvenso sayansi m'chiyankhulocho. Cummins adatsindikanso kuti luso lowerenga ndi kuganiza lomwe mwana wapeza m'chiyankhulo chake choyamba limamuthandiza m'chiyankhulo chachiwiri.

Palinso nkhani ya ndalama ndi nthawi. Masilabasi awiri amatalikitsa tsiku la mwana kusukulu, ndipo fizi imachititsa kuti mabanja opeza bwino okha ndiwo afikire sukulu zambiri zamtunduwu. Ana a m'sukulu za boma nawonso amaphunzira chiyankhulo chakunja kuyambira kalasi 1, ndipo ambiri amatenga Chingerezi, koma ngati phunziro limodzi chabe.

Ana a ku Poland okhala kunja

Ku Britain zinthu zimatembenuka: ana amaphunzira m'Chingerezi mkati mwa sabata, ndipo Loweruka amapita kusukulu za Chipolishi. Bungwe la Polska Macierz Szkolna lakhala likuthandiza sukulu zimenezi kuchokera ku London kuyambira 1953.

Chigawo chino cha Africa chidaonako maphunziro a ana a ku Poland pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Kuyambira 1942, anthu a ku Poland pafupifupi 18,000, ambiri mwa iwo amayi ndi ana omwe adatuluka m'dziko la Soviet Union kudzera ku Iran, adasungidwa m'misasa ya kum'mawa ndi kumwera kwa Africa. Ku Zambia, komwe pa nthawiyo kunkatchedwa Northern Rhodesia, misasa idali ku Lusaka, Bwana Mkubwa pafupi ndi Ndola, Abercorn yomwe lero ndi Mbala, ndi Fort Jameson yomwe lero ndi Chipata. Ku Zimbabwe idali ku Rusape ndi Marondera, ndipo mu 1943 ana 500 adafika ku Oudtshoorn m'dziko la South Africa. M'misasamo mudatsegulidwa sukulu zophunzitsa m'Chipolishi, Chingerezi chikuphunzitsidwa ngati chiyankhulo chakunja. Nkhondo itatha, ambiri mwa anawo adasamukira ku Britain, komwe Chingerezicho chidakhala chiyankhulo cha sukulu ndi cha ntchito.

Mayeso omaliza

Mwana wa m'sukulu yotsatira silabasi ya boma la Poland amalemba mayeso a boma pomaliza kalasi 8. Mayesowa, omwe adayamba mu 2019, amakhudza Chipolishi, masamu ndi chiyankhulo chakunja, ndipo zotsatira zake zimawerengedwa posankha ana opita kusekondale. Apa ndi pomwe zimadziwika ngati sukulu ya masilabasi awiri yagwiradi ntchito yake, chifukwa mwana wodziwa bwino Chingerezi amayenerabe kulemba chimangirizo chake m'Chipolishi.