Moto wa m'botolo: mbiri ya babu kuchokera ku Nkope

Amene mwafikako ku Nkope, m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi, mukudziwa za mishoni ya Anglican, asodzi ndi usipa woyanikidwa pamathandala. Koma dzina la Nkope lilinso m'mabuku a mbiri yakale. M'zaka za m'ma 1960 katswiri wofukula zakale, Keith Robinson, anakumba pamalowa n'kupeza mapale a anthu odziwa chitsulo amene anakhalapo zaka zoposa 1,500 zapitazo. Ine ndikuti anthu amenewa ankadziwa kale chinsinsi cha babu, lija la kawaya m'kati lomwe tinakula nalo m'matauni.

Funsani wosula aliyense. Chitsulo chikalowa pachipala, mvukuto n'kumapemerera, chimayamba kufiira, kenaka chimanka chiyera mpaka kuthobwa m'maso. Chinthu chikatentha kwambiri chimawala. Babu ndi nzeru yomweyo, kungoti m'malo mwa makala mumadutsa magetsi. Kawayako n'koonda ngati tsitsi, choncho magetsi amadutsa movutikira, ndipo kuvutikirako ndiko kumakatenthetsa mpaka madigiri pafupifupi 2,500.

Nanga bwanji sikapsa? Apa ndi pamene panavuta. Moto umafuna mpweya wa okosijeni, ndiye akatswiri anatsekera kawayako m'galasi n'kupopamo mpweya wonse. Joseph Swan wa ku England ndi Thomas Edison wa ku America anali kulimbana ndi ntchito imodzimodziyi aliyense kwawo. Mu Okutobala 1879 babu la Edison, la ulusi wa thonje wowotchedwa mpaka kusanduka khala, linayaka maola oposa 13. Pambuyo pake anayesa nsungwi, ndipo zinakhalitsa. Mu 1910 William Coolidge anapeza njira yosolola waya kuchokera ku tungsten, chitsulo chimene chimasungunuka pokhapokha chikafika madigiri 3,422. Chitsulo cha khasu lathu chimagonja pa 1,538 pokha. Mu 1913 Irving Langmuir anaika m'galasimo mpweya wosayaka kuti kawaya kasamathe msanga. Komabe kamatha, pang'onopang'ono. Kuda kuja mumakuona m'galasi la babu lokalamba ndi tungsten amene wachoka pakawaya. Tsiku lina mukangoyatsa, thwa! kaduka.

Kuduka kumeneku kuli ndi mbiri yakenso. Mu 1924 makampani akuluakulu opanga mababu, monga Osram ndi Philips, anakumana ku Geneva n'kupangana kuti babu lisamapitirire maola 1,000. Wopanga lokhalitsa amalipitsidwa chindapusa. Eti abale, anthu kukhala pansi n'kuikira nyale tsiku lofera!

Kwathu kuno magetsi anafika modumphadumpha. Ku Livingstonia Dr Robert Laws anayatsa magetsi a mphamvu ya madzi mu 1905. Siteshoni ya Nkula A pamtsinje wa Shire inatsegulidwa mu 1966, Tedzani inatsatira mu 1973, Kapichira mu 2000. Tsono taganizani. Madzi amene amazunguza makina onsewa ndi omwe aja amatsuka mchenga wa ku Nkope, n'kutuluka m'nyanja kudzera pa Mangochi, Malombe ndi Liwonde. Nyanja inkayatsa mababu a ku Blantyre ndi Limbe pamene midzi yambiri ya m'mphepete mwake ikugonera koloboyi. Ngakhale pakalembera wa mu 2018, nyumba 11 zokha mwa 100 zilizonse m'dziko muno ndizo zinkaunikira magetsi.

Sikuti kunyanjako kuwala sanali kukudziwa mtengo wake. Usipa umatsata kuwala. Makolo ankauitana ndi miuni, ndipo pambuyo pake kunabwera nyale za Tilley zopopa, za parafini. Siginala amapalasa bwato lake usiku, nyale zili ngwee, kukokera usipa ku chilimira. Kansalu ka m'nyale ya Tilley nako kamawala chifukwa cha kutentha, ndiye kuti ndi msuweni wa babu. Lero ambiri mwa asodziwa anasamukira ku nyale za LED zoyendera batire.

Mlandu wa babu lakale ndi umodzi: kuwononga. Mwa magawo 100 a magetsi amene limadya, oposa 90 amangosanduka kutentha. N'chifukwa chake ukaligwira liri chiyakire umaponya dzanja kutali. Babu la mawati 100 limawala mofanana ndi LED ya mawati 14 kapena 15. Ndiye kuti babu limodzi loiwalika pakhonde ku Namiwawa limadya magetsi okwanira kuunikira zipinda zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri kumudzi. Mwa ichi, m'zaka za m'ma 2010 boma ndi ESCOM analowa m'makomo kugawa mababu opulumutsa magetsi. Ndipo pamene namondwe wa Ana anawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, aliyense anaona yekha kuti magetsi athu ndi ndiwo za m'mbale imodzi. Wotapa kwambiri amagoneka anzake ndi njala.

Komabe mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Kutentha komwe tikulinenera babuli ndi kumene woweta nkhuku amakufuna. Anapiye a tsiku limodzi amaunjikana pansi pake ngati pansi pa mapiko a thadzi, ntchito imene LED singaithe. M'khola, babu lakale likadali ndi malo.

Koma m'chipinda chochezera, pakhonde ndi m'sitolo, nthawi yake inatha. Inu amene mwagula nyuzipepala ino m'tauni, madzulo ano tayang'anani kudenga. Ngati mukadali kawaya kofiira m'galasimo, kumbukirani kuti nyanja ndi imodzi, Shire ndi mmodzi, ndipo kuli ana m'midzi ya kunyanja amene akuwerengabe ndi tochi.