Mbiri ya Khungu la Ana Obadwa Masiku Asanakwane

Nkhani ya lero ndi ya maso a ana. Khungu la ana si bvuto lacilendo m'dziko lino. Pa caka ca 1905 a misyoni ya Dutch Reformed anayamba kuphunzitsa akhungu pa Magwero, pafupi ndi Chipata, ndipo cigwa ca Luapula cinadziwika zaka zambiri cifukwa ca kuculuka kwa akhungu. Masiku amenewo maso a ana anali kuonongeka ndi cikuku, kusowa kwa vitamini A m'zakudya, ndi mankhwala ena amene anthu anali kuthira m'maso. Katemera wa cikuku wacepetsa bvutoli, ndiponso pa caka ca 1998 Zambia inayamba kuika vitamini A m'shuga.

Koma iripo nthenda ina ya maso imene sinacokere ku umphawi ai. Inabadwira m'zipatala zazikuru za ku America. Pa caka ca 1942 Dotolo Theodore Terry wa ku Boston analemba za khungu lacilendo limene linali kugwira makanda obadwa masiku asanakwane. Makandawo anali kugonekedwa m'timabokosi tofunditsa ndi kupatsidwa mpweya wa okosijeni wambiri kuti apume bwino. Moyo wao unapulumuka, koma zikwi za iwo anakula osaona. Woimba wochuka uja Stevie Wonder, amene anabadwa mu 1950, ndi mmodzi wa iwo.

Pa caka ca 1951 Dotolo Kate Campbell wa ku Melbourne anaonetsa kuti khungulo linali kuculuka kumene mpweya unali kuperekedwa mopitirira, ndipo pofika 1954 madotolo a ku America anatsimikiza zimenezi. Cifukwa cace ndi ici: kumbuyo kwa diso kuli kansaru kamene kamalandira kuwala, ndipo timitsempha tace ta mwazi timatsiriza kukula pafupi ndi tsiku lobadwa. Mwana akabadwa msanga nalandira mpweya woculuka, timitsempha timaleka kukula, pambuyo pace nkuphuka molakwika ndi kukoka kansaruko mpaka kuphotokoka. Madotolo atacepetsa mpweya khungu linacepa, koma makanda ambiri anafa ndi kubanika. Apo anaphunzira kuti mpweya ufunika kuuyesa, monga mankhwala ena onse.

Tsono nkhaniyi yafika kwathu. Zipatala monga University Teaching Hospital ya ku Lusaka zikupulumutsa makanda ang'onoang'ono amene kale sakadakhala moyo, ndipo kulikonse kumene makanda otere apulumuka, nthendayi imatha kuwatsata. Siisankha nyumba: mwana wa ku Kabulonga ndi wa ku Kabwata ali pa ngozi imodzi.

Coopsa cace ncakuti poyamba diso limaoneka labwino, ndipo mai sangazindikire kanthu. Dotolo wa maso yekha ndiye angaione, ndipo akaipeza msanga amaiciza ndi kuwala kwa leza kapena jekeseni. Cotero inu makolo, ngati mwana wanu anabadwa masiku asanakwane, pemphani kuti ayesedwe maso asanapitirire mwezi umodzi. Akakuuzani tsiku lobwerera, ngakhale nchito itaculuka motani, musaliphonye.