Khirisimasi ya M'dzinja kwa Nsamala

Ansembe a Montfort atatsegula mishoni ya Utale mu 1908, anabweretsa chikondwerero chimene kwawo ku Ulaya chimachitika nyengo yozizira. Kuno kwa Nsamala, Khirisimasi inapeza anthu akupalira, mvula ili pamsana, nkhokwe zitayamba kupepuka.

Agogo anga ankandiuza kuti ankaponda matope usiku kupita ku Misa, chitenje chatsopano atachipinda m'khwapa kuti chisanyowe. Nkhani ya Mwana wobadwira m'khola sinali yachilendo kwa iwo, pakuti umphawi ankaudziwa. M'mawa mwake ankapha nkhuku, n'kuphika mpunga umene anausunga miyezi yambiri, ndipo mbale yoyamba inkapita kwa mayi wamasiye woyandikana nawo.

Chikhulupiriro chimenechi ndicho ndimafuna ana athu atengere: Mulungu anadza pakati pa osowa, choncho wokondwerera kubadwa kwake asadye yekha.