Tsiku lodwala silinkalowa pa tikiti

Dzinja lapitali mchemwali wanga anagwidwa ndi malungo. Anagona masiku anayi, lachisanu n'kudzikoka kupita ku sitolo ina ya ku Limbe komwe wagulitsa nsalu kwa zaka zitatu. M'manja anali ndi buku la kuchipatala, chidindo cha dokotala chili pomwepo. Bwana sanalitsegule n'komwe. "Iwe wajomba, kuno sitilipira ogona," anatero, namuuza kuti asiye makiyi azipita.

Atandifotokozera ndinapsa mtima, koma kudabwa ayi. Mawu amenewa ndi akale kuposa bwanayo.

Nthawi ya atsamunda, m'minda ya azungu ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, anthu ankagwira ntchito pa tikiti. Kapitawo ankachonga tsiku lokhalo lomwe wamaliza ndime yako, ndipo mwezi unkatha tikiti ikadzaza, osati mwezi ukaoneka kumwamba. Ukadwala, panalibe chochonga. Wathangata wolephera kukwanitsa masiku ake ankatha kusamutsidwa pamalo, iye ndi banja lomwe. Thangata inathetsedwa m'chaka cha 1962, koma kawerengedwe kake ka masiku ndikuona ngati kanatsalira m'mitu ya mabwana ambiri, akuda omwe.

Ku Joni zinali zoposa apa. Mpaka 1974 malamulo a Masters and Servants ankati wantchito wosowa pantchito popanda chilolezo wapalamula mlandu woti akhoza kukalowa nawo kundende. Tsono taganizani, awerengi, za amuna aja ankakwera ndege za Wenela pa Chileka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 m'migodi ya kumeneko munali Amalawi oposa 100,000. Pansipo ankapuma fumbi la miyala lomwe limaumitsa mapapo pang'onopang'ono n'kutsegulira njira chifuwa chachikulu. Munthu akafooka, mgodi unalibe naye ntchito: ankamupatsa kangachepe, kochepetsetsa poyerekeza ndi ka mzungu wodwala nthenda yomweyo, n'kumubweza kwawo. M'midzi yathu ankafika ndi wayilesi, jekete ndi chifuwa. Wodwazika anali mkazi wake, mgodi osatayapo ndi tambala yomwe.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74, ndipo Kamuzu analetsa zolemba anthu opita ku migodi. Njira inatsegukanso mu 1977, anthu akuti tsopano ndi Theba. Koma pakati pa 1988 ndi 1992 anthu pafupifupi 13,000 anabwezedwa kuno. Chifukwa chake ati Edzi. South Africa inkafuna kuti Amalawi aziyezedwa magazi asananyamuke, boma lathu linakana. Omwe anali atapezeka ndi kachilombo anali pafupifupi 200 okha. Katswiri wa mbiri yakale Wiseman Chirwa analemba mu 1998 kuti nthendayo inali chonamizira, migodi inali itayamba kale kufuna anthu akomweko. Ine ndimagwirizana naye. Apa anthu anachotsedwa ntchito asanadwale n'komwe, tchimo lawo n'loti mwina adzadwala.

Zolembedwa zinasintha matipate atabwera. Lamulo la Employment Act la 2000 likuti amene wagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza, akadwala n'kuonetsa chikalata cha dokotala, ali ndi ufulu wa masabata anayi pa malipiro onse ndi ena asanu ndi atatu pa theka la malipiro, chaka chilichonse. Likutinso munthu sachotsedwa popanda chifukwa chomveka, ndiponso asanapatsidwe mpata woyankhapo. Nkhani ikafika ku Industrial Relations Court, woyenera kutsimikiza chifukwacho ndi wolemba ntchito, osati wochotsedwa. Agogo athu a pa tikiti akanamva izi bwenzi akuti ndi nthano.

Ndinamuwerengera mchemwali wanga ndime zonsezi, ine wa dipuloma, mawu ndikukweza ngati loya. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Achimwene, mabwana a mu Limbe amadziwana. Ndikakadandaula, andilembanso ndani?"

Ndinasowa choyankha. Lamulo limapereka miyezi itatu yokadandaula kwa mkulu wa zantchito wa m'boma, ndipo iwiri yatha kale. Buku la kuchipatala lija analiika m'jumbo, pansi pa matiresi, kuopa kuti lingavumbwe.