Superbike: kodi njinga yapampikisano ndi yomweyo ya m'sitolo?

Okonda njinga zamoto amati njinga zothamanga pa mpikisano wa Superbike n'zomwezo zimene munthu wamba angagule m'sitolo. Mbiri ikuonetsa kuti mawuwa anali oona pachiyambi, koma ndalama zinasintha zinthu.

Dzina loti superbike linatchuka Honda itatulutsa njinga ya CB750, ya masilinda anayi, mu 1969. Mu 1976, ku America kunayamba mpikisano wa njinga zoyenda pamsewu, ndipo Reg Pridmore anapambana atakwera BMW R90S.

Mpikisano wapadziko lonse unayamba mu 1988 ku Donington Park, ku England. Lamulo linali loti njinga iliyonse ichokere ku mtundu womwe ukugulitsidwa kwa anthu. Makampani sanachedwe kupeza njira: anayamba kupanga njinga zochepa chabe, zodula, zomwe kwenikweni zinali zampikisano, n'kungoziika nyali ndi magalasi. Chitsanzo ndi Honda RC30 ya 750cc, imene Fred Merkel anapambana nayo mu 1988 ndi 1989.

Malamulo ankalola 750cc pa injini za masilinda anayi, koma 1000cc pa za masilinda awiri. Ducati ya ku Italy, katswiri wa masilinda awiri, inakolola zambiri. Carl Fogarty anatenga ukatswiri kanayi pakati pa 1994 ndi 1999 pa Ducati 916 ndi zinzake zotsatira. Nayo Africa inalawako: bwalo la Kyalami ku South Africa linachititsa mpikisanowu kuyambira 1998 mpaka 2002.

Zinthu zinafika poipa mu 2003. Mu 2002, mpikisano wina wa njinga zamoto wa MotoGP unali utatsegula khomo kwa injini zatsopano za 990cc, ndipo makampani ambiri anatembenuzira chuma chawo kumeneko. Kupikisana mbali zonse ziwiri kunali kodula kwambiri. Ngakhale injini za masilinda anayi zinaloledwa kufika 1000cc, zinkaikidwa zochepetsa mpweya wolowa, motero mphamvu zinkachepa. Mapeto ake, pa maulendo onse 24 a chaka chimenecho panapambana njinga za kampani imodzi. Oonerera ankadziwiratu mtundu wopambana liwiro lisanayambe.

Kukonza kunayamba mu 2004, pomwe onse anayamba kugwiritsa ntchito matayala a kampani imodzi, kuti wosauka asagonje chifukwa cha tayala. Kenaka panabwera malire a mtengo wogulitsira njinga: mu 2019 anali mayuro 40,000. Zipatso zinaoneka, chifukwa Jonathan Rea anapambana pa Kawasaki kuyambira 2015 mpaka 2020, Toprak Razgatlıoğlu pa Yamaha mu 2021 komanso pa BMW mu 2024.

Njinga ya m'sitolo ndi yapabwalo zimafanana chimango ndi maziko a injini. Mabuleki, matayala ndi zida za kompyuta zolamulira injini zimakhala zina, choncho wogula amapita kwawo ndi m'bale wake wa njinga yopambanayo, osati iyo yeniyeniyo.