Ulendo wa ku Joni: Ankalipira Ndani?

Amuna oyamba a ku Nyasaland kukasaka ntchito kumwera ankayenda wapansi. Mnyamata wa ku Mzimba kapena ku Dedza, msonkho utamupanikiza, ankamanga kathumba ka ufa, kamphika ndi bulangete, n'kuwoloka Zambezi cha ku Tete kulowera ku Halale. Ulendo unkatenga masabata, ndipo njala, malungo ndi zilombo za m'njira zinali zake yekha. Bwana ankangolandira munthu wafika kale.

Zinthu zinayamba kusintha antchito atayamba kulimbiranidwa. Mu 1936 bungwe la International Labour Organization linakhazikitsa pangano lonena kuti wolemba anthu ntchito kutali ndi kwawo ndiye azilipira ulendo wawo mpaka kukafika pantchito. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia linayambitsa malole otchedwa Ulere, onyamula anthu osalipira, okhala ndi malo ogona ndi chakudya m'njira. Sichinali chifundo ayi. Eni minda ya fodya ndi migodi kumeneko ankaopa kuti anthu onse athera ku Joni, komwe malipiro anali okwererapo. Nawo achinyamata sanali ogona: ambiri ankakwera Ulere, kugwirako ntchito miyezi ingapo, kenako n'kuzemba kuwoloka Limpopo.

Wenela, bungwe lolemba anthu a kumigodi ya golide ya ku South Africa, ndilo linafika patali. Linamanga madepoti m'dziko muno (dera la depoti ya mabasi ku Blantyre mpaka pano likutchedwa Wenela), ndipo m'zaka za m'ma 1950 linayamba kunyamula anthu pandege zake. Munthu ankamuyeza m'thupi, n'kudinda chala pa kontirakiti, n'kukwera ndege mpaka ku Francistown, komwe sitima yapamtunda inkamutenga kukamutula ku Johannesburg. Anthu amene anali asanakwerepo ngakhale basi anayamba ndi ndege. Koma tikitiyo inali ndi chingwe: wokwera sankasankha mgodi, sankaloledwa kusiya ntchito kontirakiti isanathe, ndipo gawo la malipiro ankalilandira atabwerera kumudzi. N'chifukwa chake ena ankakondabe kupita pa selufu, kudzilipirira okha kuti akasankhe bwana.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela yamtundu wa DC-4 inagwa itangonyamuka ku Francistown, mafuta ake atasakanikirana ndi amtundu wina. Amalawi 74 obwerera kwawo anafera pomwepo. Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu nthawi yomweyo, ndipo Amalawi oposa 100,000 amene anali kumigodi anayamba kubwerera. Ntchitoyi inayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, lomwe ambiri amangoti Theba, koma inadzathera mu 1988 pamkangano wofuna kuyeza Amalawi magazi a HIV asanawalembe. Kuyambira pamenepo, wopita ku Joni amadzigulira yekha tikiti ya basi yodzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge.